Mapazi pa Phulusa

Adalaivala anazunguliranso kalavani yawo, kanyumba kokokedwa ndi galimoto, akugwedeza unyolo ngati sanaumange okha. Mtima sunali m'malo. Sabata yatha chitsulo chokolekera kalavani kugalimoto chinasowa. Atagula china, anapeza manati a tayala lakumanzere apita. Wina anali kuwabera pang'onopang'ono, ngati mbewa m'nkhokwe.

Kalavaniyi sinali chinthu wamba. Moyo wawo wonse anayendetsa malole a eni ake, kugona pampando, kudutsa malo okongola osaima. Atapuma ntchito anagula kanyumba ka matayalaka, kabedi ndi kasitovu m'kati, n'kulumbira kuti tsopano aziima pomwe mtima wafuna. Ulendo woyamba unali Loweruka likubwerali.

"Abambo, takhalani pansi, mutopetsa nthaka," anatero akazi awo pakhonde, akukwekwereza patapata amene Adalaivala anamumanga ndi waya m'malo mogula wina.

"Ndikhale pansi akuba ali chilili? Amayi inu!"

Anawonjezera loko wina. Kiyi anaphonya bowo, anaphonyanso, mpaka akazi awo anabwera n'kuwalowetsera.

"Maloko a masiku ano timabowo take n'tochepa," anang'ung'udza Adalaivala.

Amayi anabwerera pakhonde. Anakumbukira tsiku lija bambowa anagunda chipata masanasana n'kunena kuti chipatacho ndiye chapendekeka.

Wakubayo Adalaivala ankamudziwa kale. Anali wowotcherera zitsulo wa kuseri kwa mpanda, uja ankati akaona kalavani maso amachita kutuluka. Munthu wanji wofunsa kulemera kwa katundu wa mnzake? Chinangotsala n'kumugwira ndi umboni, poti fisi akagwa m'mbuna salankhula.

Madzulo Adalaivala anatapa phulusa osauza munthu, n'kuliwaza mosamala kuzungulira kalavani yonse. Kenako anakhala, anaima, anasuzumira pazenera, anakhalanso. Chakudya chinazizirira m'mbale.

Kutacha anatuluka malaya osamanga mabatani. Matayala onse anali phwa, mpweya watha. Koma paphulusa panali mapazi! Mtima unadumpha ndi chimwemwe cha mlenje. Ali chiimire sankaona bwino, choncho anagwada, nkhope kutsala pang'ono kugunda pansi, akukonzeka kuona zidindo za jombo za wowotcherera uja.

Mapaziwo anali aang'ono. Pa phazi lililonse lakumanzere panali kachizindikiro ka waya, wopotedwa mmene iwo okha amapotera.

Atadzutsa mutu, akazi awo anali ataima pakhonde, manati ndi chitsulo chija zili m'manja, misozi ikutsika.

"Bowo la loko simuliona, abambo, nanga msewu mukauona bwanji? Bola inu munditche wakuba kusiyana n'kuti anthu azinditcha wamasiye."