Pabedi la Bambo

Lamulo limati Loweruka loyamba la mwezi, mwana azikagona pabedi la kholo lake kunyumba yosungira okalamba, ndipo azilandira chisamaliro chonse chomwe kholo limalandira. Mwana akadandaula, kholo limabwezedwa kumudzi tsiku lomwelo.

Mwezi uno tsikuli linagwera a Lifeyo. Namwino anawavula, anawaveka thewera, kenaka anawapatsa kapu yoti aikemo mano.

"Angawa ndi enieni, mayi," anatero a Lifeyo.

"Pabedi ili mano amakhala m'kapu," anayankha namwino, ndipo anaisiya pafupi kuti aganize bwino.

Bambo awo, a Chikadza, anali pampando wa alendo atavala jekete la mwana wawoyo, akudya nthochi.

"Iwe, usayerekeze kudandaula," ananong'ona mkuluyo. "Kuno ndili ndi anzanga a bawo. Kwanu kuja chipinda changa munaikamo nkhuku."

Masana anamwino awiri ananyamula a Lifeyo, ngakhale ankatha kuyenda okha, kukawasambitsa. Madzi anali ozizira moti anakuwa mpaka agalu a kunja anauwa.

Woyendera wa boma atafika n'kufunsa ngati pali dandaulo, a Lifeyo anayang'ana bambo awo. "Zonse zili bwino, bwana," anatero.

Woyenderayo atatuluka, a Lifeyo anafunsa chapansipansi, "Koma bambo, madzi ozizira chonchi tsiku lililonse?"

"Ayi, mwanawe," anatero a Chikadza akusenda nthochi ina. "Amene wasambawo ndi ofunda. Amatenthetsa tsiku la ana lokha."