Foni Yochokera ku Antarctica

Foni inalira Mayi Eleanor ali m'khichini ku Lanham, akutolera mabotolo a mankhwala a amuna awo. Amuna awowo, Bambo Bester, anali atamwalira m'mawa womwewo.

Woyimbayo anali Leonard, mwana wawo yekhayo. Anali ku Antarctica, komwe amayeza mafunde a mpweya wa kumwamba kwenikweni. Apa n'kuti uli mwezi wa Juni, nthawi yozizira koopsa yomwe ndege sizifikako, ndipo ndege yokatenga anthu kumeneko inali ya mu Okutobala.

"Amami, tapeza komwe mafunde aja amayambira," anatero, mawu akudukaduka. "Mphepo ikawomba mapiri, mpweya umagwedezeka, ndiye kugwedezekako kumakwera mpaka makilomita handiredi. Zaka zinayi ndikusaka zimenezi. Adadi ali pafupi? Ndinawalonjeza kuti oyamba kumva adzakhala iwowo."

Pabalaza, azimayi a kutchalitchi anatsitsa nyimbo. Mayi Eleanor anakhala pansi, pasimenti penipeni.

"Uli ndi anzako pamenepo, mwanawe?"

"Ee, alipo awiri panjapa. Bwanji?"

"Kaitane mmodzi adzakhale pafupi nawe. Ndikudikira."

Pafonipo anamva mpando ukukokedwa, kenako mapazi ake akutalikira. Leonard amapita akuliza mluzu.