Botolo Lofiira la Suphansa

Mzere wakuda unali utazimiririka pa chithunzi cha zotsatira za kafukufuku wa Darunee. Suphansa sanafunikire womuuza tanthauzo lake: mankhwala a mphumu anali atatsekereza uthenga umene umauza maselo a m'mapapo kuti atupe. Iye anali atasaka zimenezi zaka ndi zaka m'labotale yomweyi ya ku Chiang Mai, koma mzere wake unkangotuluka uli bii.

Amene anagawira Darunee maselowo ndi iye. Amene anamuphunzitsa kuwadyetsa ndi iye yemwe.

"Mwana uyu ali ndi dzanja labwino," anatero a Pulofesa awo akuloza Darunee, n'kutuluka.

Darunee anayandikira Suphansa ataphatikiza manja pachifuwa. "Achemwali, ndinawinda ku kachisi wa mizimu pabwalo paja kuti zikatheka ndidzapereka chakumwa chofiira, ndiye sindinagule. Bwanji mundibwereke botolo lija mumasunga mufiriji?"

Suphansa anatsegula firiji. Botololo linali kuseri kwa mabokosi a mpunga wa anzake, kapepala ka dzina lake katayamba kumatuka ndi chinyezi. Analigula sabata imene anawinda nayenso pa kachisi yemweyo, akuganiza kuti mwezi sutha asanalipereke.

Analipukuta pang'onopang'ono ndi malaya ake oyera. Kapepalako anakakanikiza ndi chala mpaka kanamatikanso.

"Tenga, mng'ono wanga," anatero, mawu ali zii. "Koma ukaliike dzinali litayang'ana mkati mwa kachisimo. Mizimuyo ikumbukire amene anayamba kupempha."