Katoni ya Usipa Yochokera ku Nkhotakota

Panali munthu wina wa ku Kawale, dzina lake Clifford, amene ankakonda kwambiri nyama zakutchire ngakhale kuti zambiri ankangoziona pa kanema. Sukulu zitatsekera, anabwereka tenti kwa mnzake wa kuntchito, nakweza mkazi wake Magret ndi ana awo m'galimoto, ulendo wa ku Nkhotakota kudzera ku Salima. Cholinga chake chinali chakuti anawo akaone njovu ndi maso awo.

Pamalo pamene ankafuna kumanga tenti panafika bambo wina wovala bwino amene anati dzina lake ndi Harry. Atamva kuti banjali lachokera ku Kawale, anawomba m'manja.

"Aa, ndiye ndife amodzitu! Mchemwali wanga amagulitsa nsomba mumsika momwemo. Mwina madamu mumagula kwa iyeyo."

"Dzina lake ndani?" anafunsa Magret.

"Aliyense amangoti mayi a nsomba."

Amene anafikako ku msika wa Kawale akudziwa kuti amayi a nsomba alipo mzere wathunthu.

Harry anawathandiza zedi. Anawaonetsa njira imene mvuu zimadutsa kuti asamangepo tenti, ndipo m'mawa mwake anawalondolera pamalo pamene anaona njovu zikumwa madzi. Ana anakuwa ndi chisangalalo. Clifford atafuna kumupatsa kangachepe, iye anakana. Koma mafunso ake ndi amene anamusowetsa mtendere Magret.

"Achimwene, pobwera kuno apolisi anakusechani?"

"Ayi. Ataona ana ndi matiresi anangoti pitani."

"Ndi mmene zimakhalira. Galimoto ya banja savutana nayo."

Tsiku lobwerera, Harry anafika ndi katoni yomangidwa ndi linya, yobooledwa m'mbali. Anati munali usipa wa mchemwali wake uja, ndipo zibowozo zinali zoti nsomba zisachite nkhungu. Anapereka nambala yoti akaimbe akafika.

Pano ndi bwino kufotokoza chifukwa chake munthu wanzeru zake angavomere zotere. Kwathu kuno galimoto yopita kutauni imakhala ngati positi ofesi ya aliyense. Kukana kamtolo ka munthu amene wakuchitira zabwino kumaoneka kudzikuza, ndipo kumasula katundu wake iye akuona kuli ngati kumunena kuti ndi wakuba. Khalidwe lathuli anthu oipa analiphunzira bwino kutiposa eni akefe.

Magret anayesa kuinyamula katoniyo, n'kuibwezera pansi.

"Bambo a Tadala, usipa ndinayamba kugula ndili mtsikana. Wouma sulemera chonchi."

Harry anaseka. "Madamuwa akanakhala wapolisi! Pansipo ndaikako kampunga pang'ono."

"Ndiye masulani tione."

"Mayi a Tadala, mukufuna kundichititsa manyazi?" anatero Clifford motsitsa mawu. "Munthu wationetsa njovu osalandira kanthu, ife timuseche ngati mbava?"

Katoniyo inakwera.

Ali panjira, mwana wawo wamkazi Tadala anati kumbuyo kukumveka kanthu kokanda. Clifford anati ndi zitsulo za tenti zikukhulana. Magret anapempha kuti aime, amasule katoniyo kapena aisiye m'mbali mwa msewu.

"Tikakafika nayo yomasula, mchemwali wake akati tatapako usipa," anayankha Clifford. "Ine dzina lakuba nsomba sindilifuna ku Kawale."

"Bola dzina lakuba nsomba," anatero Magret. Mwamuna wake anakweza wailesi.

Pachipata china cha apolisi chisanafike Lilongwe, tsikulo panali akuluakulu oona za nyama zakutchire ndi galu wawo. Agalu amenewa amaphunzitsidwa fungo la minyanga ndi nyama zotetezedwa, moti fungo la nsomba limene limasokoneza mphuno ya munthu kwa iwo si kanthu. Galuyo anazungulira galimoto, nakhala pansi kumbuyo kwake osasuntha.

"Bambo, katoni iyi ndi ya ndani?"

"Ndi ya mnzathu wina. Muli usipa."

"Munaona nokha?"

Akuluakuluwo atadula linya, anapeza usipa wochepa pamwamba, ndipo pansi pake panali thumba. M'thumbamo munali ngaka yamoyo, itadzipinda ngati mpira.

Kwa amene simuidziwa, ngaka ndi kanyama ka mamba olimba kamene kamadya chiswe ndi nyerere. Ilibe mano, ndipo ikaopsezedwa imangodzipinda n'kukhala duu, n'chifukwa chake ozembetsa amaiika m'katoni mosavuta. Ili m'gulu la nyama zotetezedwa kwambiri, ndipo wopezeka nayo nthawi zambiri chilango chake chimakhala ndende.

Clifford anaimba nambala ija. Inali yothimitsa. Apolisi atapita ku msika wa Kawale, palibe mayi wa nsomba amene anali ndi mlongo wotchedwa Harry. Anthu a kumene banjali linagona anati munthuyo anamuona koyamba tsiku limene iwo anafika, ndipo ankaganiza kuti anali mbale wawo.

Apolisi anamusiya Magret kuti apite ndi ana, poti mwamuna wake anavomera kuti katoniyo anailandira ndi iye. Anabwerera kunyumba pa minibasi. Kukhoti Clifford anafotokoza zonse moona, koma analibe dzina lenileni la mwini katundu, malo ake, ngakhale chithunzi chake. Anamupeza wolakwa, namutumiza kundende. Galimoto inalandidwa, ntchito inatha.

Ngakayo anaibwezera kunkhalango sabata lomwelo. Clifford mpaka lero sanabwerere ku Kawale.

Phunziro: Katundu amene simunaone m'kati mwake musamunyamule, ngakhale wokupatsaniyo atakhala waulemu chotani. Mumasulitseni pamaso panu. Munthu woona mtima sangakwiye, ndipo amene wakwiya wakuuzani kale zimene zili m'katimo. Mnzanu wa m'banja akakayikira chinthu, imani mumumvere. Tumizirani nkhaniyi madalaivala, makolo ndi onse okonda maulendo, asanakweze katoni ya munthu wina m'galimoto yawo.