Zilembo za Ulendo wa ku Nagoya

Mayi Hayashi, mphunzitsi wa Chijapani, anajambula mizere itatu pabolodi n'kutembenuka. "Mtsinje," anatero m'Chingerezi. Anastazia anali atauzindikira kale. Unali Likangala m'dzinja, ukutsika kuchokera kuphiri.

Umu ndi mmene ankaphunzirira kanji, zilembo za Chijapani zija zoti chimodzi chimanyamula tanthauzo lathunthu. M'kalasi la Loweruka m'mawa, m'chipinda cha pansi pa tchalitchi china ku Oshawa, m'dziko la Canada, aliyense anali ndi chikhulupiriro chake. Achinyamata ankadalira foni: chilembo chituluke, uyankhe, mawa chibwerenso. Mayi Hayashi ankadalira dzanja: mzere uwu uyambe, uwo utsatire, ulembe mpaka chala chiloweze chokha. Anastazia ankadalira Zomba. Bokosi logawidwa panayi linali minda ya mpunga ya ku Domasi. Munthu wotsamira mtengo, chilembo cha kupuma, anali malemu bambo ake pansi pa mbawa, wailesi ili pamimba. Chilembo cha mayi sanachipangire nkhani. Chinalowa chokha.

Mayi akewo anali moyo ku Chinamwali, ku Zomba komweko, maso akuzima pang'onopang'ono. Chaka chatha Anastazia anatopa. Anatopa ndi chipale chofewa, anatopa ndi kusambitsa makolo a eni kunyumba yosungira okalamba, ake akupapasa khoma kufunafuna chitseko. Anauza mwamuna wake Ambrose kuti akubwerera kwawo, kaya limodzi kaya yekha.

Sabata isanathe, Ambrose anabwera ndi uthenga. Fakitale ya zipangizo za galimoto imene amagwirako inali itamusankha kukaphunzira ntchito ku Nagoya, ku Japan. "Zaka ziwiri zokha, amake Kevin. Tikachoka kumeneko, molunjika kumudzi." Anastazia anavomera. Ataimba foni kwawo, mayi ake anangoti, "Ndidikira, koma usachedwe. Maso awa akunditsanzika."

Tsono vuto linali Ambrose yemweyo. Ananena yekha kuti kampani idzamulembetsa mayeso a chilankhulo asananyamuke, koma kalasi analowa masabata oyamba okha. Kenako ovataimu. Kenako msana. Kenako mpira pa TV. Makadi amene mkazi wake anamata pafiriji ndi pagalasi la kubafa ankawadutsa ngati zikwangwani za chisankho chimene chinatha kale. Munthu woti anakhoza masamu a uinjiniya ku Blantyre, lero akuthawa timizere! Anastazia ankamudziwa mwamuna wake: ulesi basi. Ndipo ulesiwo ukamulepheretsa mayeso, Nagoya wapita, njira ya ku Chinamwali yapitira limodzi. N'chifukwa chake ankaphunzira za anthu awiri, madzulo n'kumamuuza nkhani za zilembo ali pakudya, iye akungogwedeza mutu.

M'kalasi muja, nthawi yopuma itakwana, Anastazia anamva wina akudandaula kumbuyo kwake.

"Manje ichi n'chinyama bwanji?"

Anali bambo wachilendo m'kalasimo, khadi ili m'manja, ataizondotsa. Chinyanja cha ku Zambia, pansi pa tchalitchi ku Oshawa! Anastazia anaseka, koyamba sabata imeneyo.

"Si chinyama, achimwene. Tembenuzani. Ndi mvula imeneyo. Onani denga, onani madontho m'kati. Simunagonepo m'nyumba yodontha inu?"

"Ku Chipata? Tinali kugona na mabeseni, mayi!" Bamboyo anayang'ananso khadi ija, nkhope n'kuwala. "Yaba! Yangena. Ndine Tobias."

Anamuonetsa phiri, anamuonetsa moto, anamuonetsa munthu wotsamira mtengo uja. Tobias ankameza zonse ngati wochokera kumunda. Anastazia anamuyang'ana ndi kansanje. Mwamuna wa mwini, njala yophunzira yotere.

"Tandiuzani, poti ndinu bambo. Munthu wamwamuna amafuna chiyani kuti agwire buku? Akunyumba kwanga ndayesa zonse."

"Mantha chabe, mayi. Ine nili na miyezi ing'ono. Kampani initumiza ku Nagoya."

"Nagoya? Kampani yake iti?"

Tobias anaitchula. Inali yomweyo.

Mtima wa Anastazia unadumpha. Ndiye kuti akupita awiri! Uyu ndiye mankhwala ake. Amuitanira kunyumba Lamlungu, akhale patebulo ndi makadi ake, Ambrose aone mnzake akuwerenga mvula ndi phiri. Chimene mkazi walephera, manyazi achita.

"Ndiye mulipo angati opita?"

"Malo ni amodzi chabe. Poyamba banasankha mu Malawi munzanu, ba Ambrose. Mubadziba?"

Anastazia anayang'ana kutsogolo. Mayi Hayashi anali atayamba kufufuta bolodi. Basi, zachitika. Ulesi uja wadya ulendo, ndipo Ambrose akusowa poyambira kuulula. Mkwiyo unabwera, koma pansi pake panali kachisoni: wakhala akusenza manyazi amenewa yekha, osauza munthu.

"Dzina ndimalimva," anatero. "Analephera mayeso eti?"

"Mayeso ati? Banakana beka, chaka chatha, tsiku lomwe banabauza. Bakuti Canada sibangaisiye, olo Japan olo kumunzi." Tobias anatsitsa mawu, akumwetulira ngati wogawa nthabwala ya kuntchito. "Koma isamveke ku ba Malawi banzanu, mayi. Bakuti madamu bakangodziba, mawa lake bali pa eyapoti na masutikesi."