Mfundo pa Waya wa Koyilo

Stanford, dalaivala wa Landirova ya boma m'zaka za Kongeresi, sankagonjera injini iliyonse. Usiku umenewo ankaperekeza maliro a msodzi wina ku Ngara, bokosi lili kumbuyo, mkazi wa malemuyo, mayi Eliness, ali naye kutsogolo. Atangodutsa Mlare, galimoto inazima.

Anapotokola kiyi. Sitata inkazungulira mwamphamvu, koma injini osalira.

"Batire lilibe mlandu, mayi," anatero akutsika ndi tochi. "Moto sukufika ku mapulagi basi."

Atatsegula boneti anapeza waya wa koyilo atazuka. Anamubwezera n'kumulimbitsa ndi pulayala, ndipo galimoto inalira nthawi yomweyo.

Asanapite patali, inazimanso. Ulendo uno waya uja anali atazuka mbali zonse ziwiri, pakati pake atamangidwa mfundo ya asodzi, yonyowa, yonunkha usipa.

Mayi Eliness anatsika n'kuiyang'anitsitsa mfundoyo. Kenaka anatembenukira kumbuyo kwa galimoto n'kuyamba kulankhula Chitumbuka motsitsa mawu, ngati akunyengerera munthu.

"Mukulankhula ndi ndani, mayi?" anafunsa Stanford.

"Musaimasule, adalaivala," anayankha mayiwo osacheuka. "Amuna anga akuti njira si imeneyi."