Kathumba ka Goma

"Tsegulani kathumbako, mayi."

Chizuru anaima. Anali atatsala pang'ono kumaliza njira yozungulira nkhalango, galu wake Goma akununkhiza masamba ofiira amene anali atayoyoka. Mkulu wina anali atatulukira kuseri kwa chingwe chotchinga mitengo ya paini, chikwakwa chili m'manja.

"Ndine Kuwabara. Bowa wa m'phiri lino ndi wanga chaka chino. Inu a m'tauni mumabwera ndi agalu kuti azikufukulirani."

Anthu awiri odutsa anaima n'kumaonerera. Chizuru anapsa mtima. Maola awiri athunthu wanyamula kathumbako kuti asadetse phiri la eni, ndiye lero akhale wakuba?

"Ndi chimbudzi cha galu, bambo."

"Aliyense ali ndi chonena. Kapena tiitane apolisi?"

Chizuru anapereka kathumbako ndi manja awiri, mwaulemu wonse. Mkuluyo anamasula mfundo, nasuzumiramo, mphuno n'kukwinyika. Anawerama pang'ono chabe ngati kupepesa, akubweza kathumbako.

Chizuru anaika manja kumbuyo.

"Mwachita kulanda pagulu, bambo. Sungani."

Anakoka Goma n'kutsetsereka osacheuka.